Bizinesi ya azakhali pa foni: pomwe tafika

Kumayambiriro kwa Febuluwale

Ndayamba kulemba izi kuti ndisamaiwale zomwe tikuyesa, komanso achimwene aku Joni amangofunsa kuti foni anatumiza ija ikugwira ntchito yanji, ndiye aziwerenga okha pano. Kwa amene simukuwadziwa, azakhali amagulitsa katundu wa kumudzi kuno ku Harare: mpunga wa Kilombero, usipa, tiyi wa Chombe, Nali, nsinjiro ndi zitenje, zonse zimabwera pa basi kuchokera ku Blantyre kudzera ku Mwanza, Tete mpaka kulowa pa Nyamapanda. Ali ndi katebulo chakufupi ndi Mbare Musika koma katundu wambiri amakhala kunyumba. Makasitomala awo ambiri ndi anthu akwathu, ana ndi zidzukulu za anthu aja anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, 1953 mpaka 1963, ena anabwera kale kuposa pamenepo. Ambiri kumudzi sanapondeko koma fungo la Kilombero amalidziwa bwino, simungawanamize ndi mpunga wina ayi.

Ntchito yanga ndi yoti bizinesiyi ikhale pa foni. Taika WhatsApp Business, ndi yaulere, inatuluka mu 2018 ndipo ndi yosiyana pang'ono ndi yomwe tonse timagwiritsa ntchito chifukwa ili ndi malo oika maola otsegulira, komwe muli, ndi katalogu ya katundu. Tagulanso laini ina ya bizinesi yokhayokha, chifukwa nambala yakale ya azakhali ili m'magulupu a kutchalitchi, a chigwirizano, a sosayite ya maliro, ndiye oda ikabwera imamira pakati pa mavesi ndi mauthenga a zovuta.

Wina anandifunsa kuti bwanji osapanga webusayiti. Kuno anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, kwa iwowo intaneti ndi WhatsApp basi, mukawatumizira linki ya kwina siitseguka ndipo sakuuzani kuti yakana, amangokhala chete. Ndiye chilichonse chomwe tikufuna kasitomala aone chizikhala mkati mwa WhatsApp momwemo.

Pakati pa Febuluwale

Azakhali andipatsa kope lawo lija. Abale inu. Ndi kope la kusukulu lachikuto cholimba, lothimbirira ndi mafuta, koma muli chilichonse: ndani amatenga pa ngongole, ndani amalipira mwezi ukatha, ndani amafuna usipa waung'onowaung'ono osati waukulu wowawa uja, ndani ali ndi shuga sagulanso Sobo, mpaka dzina la mwana wa kasitomala amene akulemba mayeso chaka chino. Ndinkaganiza kuti ndabwera kudzawaphunzitsa zosamala makasitomala kkkk, pomwe ntchito yanga ndi yongokopera zomwe zili m'kopemo kuika mu foni.

Tikugwiritsa ntchito ma label, timitundu tija mumaika pa chati ya munthu. Tapanga a mpunga, a zitenje, a kumapeto kwa mwezi, a oda yaikulu (ukwati, chinkhoswe, maliro) ndi a ngongole. Pa la ngongole azakhali anakana kwamtuwagalu, amvekere "iwe mwana, ukufuna undichititse manyazi kwa anthu opemphera nawo?" Ankaona ngati mwini wakeyo aziona kuti tamulemba choncho. Ndinachita kutenga foni yanga, kudziika label ndekha, n'kuwaonetsa kuti mbali yanga sikukuoneka kanthu. Anavomera, komabe anati tilitche "oyembekezera" osati ngongole. Chabwino, bizinesi ndi yawo.

Malichi, sabata yoyamba

Apa ndiye pali nkhani, ndipo amene mukufuna kuchita zomwezi mvetserani. Pa WhatsApp pali broadcast list, mumaika anthu mpaka 256, mukatumiza meseji imodzi aliyense amailandira payekha ngati mwamulembera iye yekha, akayankha imabwera kwa inu nokha. Zabwino kwambiri. Koma imafika kwa okhawo amene anaseva nambala yanu mu foni mwawo. Status nayo chimodzimodzi, imakhala maola 24 koma amaiona ndi amene inu munamuseva iyenso anakusevani. Ndiye ife ndi laini yatsopanoyi, tikhoza kukhala ndi manambala a Mbare yonse koma ngati iwo sanatiseve tikungolankhula tokha.

Choncho mwezi uno pulani ndi imodzi basi, kusevedwa. Palibe zojambula zokongola, palibe zotsatsa, kungoti nambala ilowe mu foni mwa anthu. Ine ndinabwera ndi nzeru ya QR code, ndinasindikizitsa m'tauni n'kumata pa tebulo, achinyamata angapo anaisikana koma azimayi akuluakulu amangoiyang'ana n'kufunsa kuti kodi ndi za boma. Njira ya azakhali ndi imene ikuyenda: munthu akagula, asanamupatse jumbo, amati "mayi bweretsani foni yanu ndikulembereni nambala, mpunga watsopano ukafika mudzakhale oyamba kudziwa", ndipo amalemba okha, amaseva okha, n'kudziimbira kamodzi kuti nafenso tikhale nayo ya munthuyo. Zimatenga kanthawi, pamzere anthu amadandaula pang'ono, koma chiwerengero cha oona Status chayamba kukwera tsiku lililonse ndipo mayina ake ndi a anthu oti tikuwadziwa nkhope.

Lamulungu tikatuluka ku CCAP ndi pomwe manambala amachuluka, ngakhale azakhali safuna zamalonda pakhomo la tchalitchi, ndiye amangoti "ndasintha nambala, sevani iyi". Si bodza, anasinthadi.

Malichi, chakumapeto

Amalume abwera ndi maganizo oti titsegule gulupu ya makasitomala onse, akuti gulupu imalowa anthu 1024, yoposa broadcast kutali. Takangana madzulo onse. Ine maganizo anga sanasinthe, gulupu ayi. Choyamba aliyense amaona nambala ya mnzake, ndipo mayi amene anapereka nambala kwa azakhali kuti azimva za usipa sanavomere kuti abambo osawadziwa aziwalembera usiku kuti moni. Kuno kuli ndi lamulo la 2021 loteteza zinthu zachinsinsi za anthu ngati zimenezi, koma olo popanda lamulo ndi nkhani ya ulemu chabe. Chachiwiri tonse tikudziwa zomwe zimachitika m'magulupu athu, m'mawa zithunzi za maluwa, masana vidiyo ya mlaliki, madzulo wina waika katundu wake yemwe ndi yemweyo tikugulitsa ife pa mtengo wotsika, bandulo ya anthu n'kutha, iwo n'kutuluka mokwiya, ndipo akatuluka gulupu kubwera pa tebulo amachitanso manyazi.

Amalume anati ndiye titseke kuti azilemba ma admin okha. Ndinati ndiye yasiyana chani ndi broadcast, kupatula kuti manambala ali poyera? Palinso ma Channel anabwera mu 2023, manambala saoneka, koma kumeneko munthu sangakuyankheni mwachindunji kuti ndisungireni makilo awiri, pomwe ife chomwe tikufuna ndi kuyankhidwako. Azakhali anangomvetsera akusankha nsinjiro, kenako anati "zamagulupu zandikwana kale" nkhani n'kuthera pomwepo.

Broadcast tikutumiza katundu akafika basi, osati tsiku ndi tsiku, ndipo timaigawa, a zitenje salandira za usipa.

Epulo

Facebook. Ndinatsegula peji mu Febuluwale momwemo koma ndinali ndisanalembe za iyo chifukwa sindinkadziwa kuti ndiiweruze bwanji. Malayiki amabwera ndithu, makamaka tikaika chithunzi cha nsima ya mgaiwa ndi usipa wotendera, makomenti mbwee, "mwandikumbutsa agogo", "kwathu ku Nkhotakota uko". Ukayang'ana anthu ake, wina ali ku Lilongwe, wina ku Cape Town, wina ku Leeds. Munthu wa ku Lilongwe angagule Kilombero ku Mbare? Ndinatsala pang'ono kuisiya.

Kenako mtsikana wina wa ku UK analemba ku inbox kuti agogo ake ali ku Mufakose kuno ku Harare, miyendo ikuvuta sapitanso ku msika, tingawapititsire mpunga, tiyi ndi chitenje iye atumize ndalama pa Mukuru? Tinatero. Ndinapita ndekha pa kombi (minibasi za kuno), agogowo anandikhazika pansi, kundifunsa kwathu, mfumu yathu, mpaka tinapeza kuti makolo awo ndi a azakhali anachokera boma limodzi la Dedza. Ndinawapempha ngati ndingawajambule atanyamula katundu kuti mdzukulu aone, anati dikira ndivale duku kaye. Chithunzicho chinapita kwa mdzukulu yekha, sitinachiike pa peji. Sabata yomweyo anzake awiri a mtsikanayo analemba, wina amayi ake ali ku Dzivarasekwa wina ku Epworth. Ndiye pano ndikuona kuti peji ija ntchito yake ndi yopezera ana amene ali kunja, ndipo akangolemba timawasamutsira ku WhatsApp, kumeneko ndi komwe nkhani imapitirira. Olipira ali kunja, odya ali kuno, onse awiri ndi makasitomala ndipo aliyense amafuna zake, wakunja amafuna umboni kuti katundu wafika, agogo amafuna munthu woti acheze naye pang'ono osati kungoponya jumbo pageti.

Ndapanga label ina, a kunja, ndipo ndimalemba tsiku lomwe amalandira malipiro kuti tiziwakumbutsa mwaulemu nthawi yake.

Za mitengo. Ogulitsa ambiri pa Facebook munthu akafunsa kuti zingati amayankha kuti inbox, ine zimenezi zimandinyansa, ngati ukubisa mtengo ndiye kuti ukufuna uone kaye nkhope ya munthu kuti umudule bwanji. Ife timalemba mtengo poyera, m'madola a ku America. Wofuna kulipira mu ZiG, ndalama ya kuno ija inayamba mu Epulo 2024, timamuuza reti ya tsikulo mu chati, sitilemba pa chithunzi chifukwa chithunzi chimazungulira miyezi, munthu n'kubwera nacho kuti munalemba nokha. Komanso timanena msanga za kamsonkho ka pa ndalama zotumizirana pa foni kaja anakaika pa 2 peresenti mu 2018, ndi ndalama yotapira, kuti ndani alipira, zisadzatulukire kumapeto munthu atatumiza kale.

Nkhani ya chenji nayo yapeza malo ake pa foni. Kuno chenji cha pansi pa dola ndi mavuto, ena amakupatsa switi kapena bisiketi. Azakhali kuyambira kale amalemba m'kope kuti uje watsala ndi 50 cents. Pano timalemba mu chati ya munthuyo pomwepo iye akuona, "mwatsala ndi 50c kwa ife mayi", ndiye umboni uli mbali zonse, ndipo munthu amabweranso kudzaitenga, akabwera sagula za 50c zokha.

Meyi, sabata yoyamba

Sabata yovuta. Katundu anachedwa panjira, basi inawonongeka chakuTete uko, ndipo anthu angapo anali atapereka kale dipoziti ya mpunga, wina wa chinkhoswe cha Loweruka. Ine ndinalemba meseji imodzi yabwinobwino yoti tiitumize pa broadcast. Azakhali anaiwerenga anati ayi, izi ndi za ku ofesi. Anatenga foni, anakhala pa mkeka, n'kuyamba kujambula voisi kwa aliyense payekhapayekha, kumutchula dzina la mwana wake, kufunsa kunyumba, kenako kunena zoona zake kuti basi yafa, sindikudziwa tsiku lenileni, ngati mukufuna ndalama yanu bwerani mutenge kapena ndikubwezereni pa EcoCash (njira ya kuno yotumizirana ndalama pa foni) lero lomwe. Anachita izi anthuwo asanayambe kufunsa. Zinatenga mpaka usiku, magetsi atazima kale, foni ili pa power bank, ine ndikuwunikira kope ndi tochi kuti tisadumphe munthu.

Ambiri anati tidikira. Mmodzi anatenga ndalama yake, palibe vuto. Wa chinkhoswe uja azakhali anamupezera mpunga kwa mayi wina amene amagulitsanso katundu wa kumudzi ku Highfield, opikisana naye enieni, anagula pa mtengo wa mayiyo osapindulapo olo senti, n'kumuuza kasitomalayo chilungamo kuti uwu si wanga ndakutengerani kwa anzanga.

Koma bambo wina sanamvere voisi yake, kaya bandulo inali itatha, anapita pa peji kukalemba komenti kuti anthu awa ndi akuba adya ndalama yanga. Amalume nthawi yomweyo amvekere fufuta, mubloke. Ine ndinakana. Komenti yotere ukaifufuta munthu amakhala atajambula kale sikirinishoti, imakazungulira m'magulupu a maliro momwe sitingathe kuyankha. Tinayankha pansi pake mwachidule, kuti pepani bambo, katundu wachedwa panjira, ndalama yanu ilipo, tikukuimbirani pompano. Azakhali anaimba, anakambirana kwa nthawi, anayamba mokweza mawu anamaliza akuseka. Chomwe sindinayembekezere n'choti makasitomala ena anabwera okha pansi pa komentiyo kudzanena kuti ifenso tikudikira ndipo mayiwa anatiuza kale. Komentiyo ikadalipo mpaka pano, bambowo sanaichotse, ifenso sitinaikhudze.

Katundu anafika Lachiwiri lotsatira.

Meyi, pakati

Zing'onozing'ono zomwe tasintha. Meseji yolonjera yokha ija, imene imapita munthu akalemba koyamba, inali yoti takulandirani, onani katalogu. Agogo ena anaiyankha ndi voisi yaitali, kulonjera, kufotokoza za miyendo, kudikira yankho, osadziwa kuti ndi makina. Azakhali zinawakhudza kwambiri. Pano imanena poyera kuti uwu ndi uthenga wa makina, mayi ali pa tebulo kapena magetsi azima, akuyankhani okha posachedwa. Ma quick reply, mayankho olemberatu aja mumangodina n'kutumiza, ndasiya a zinthu zouma zokhazokha, nambala yolipirira, malo okumanirana m'tauni pa Copacabana, mtengo wa dilivale. Moni sitiika pa quick reply, azakhali amati munthu sungamuuze mtengo usanamufunse kuti wadzuka bwanji, ndipo anthu amazindikira moni wokopera.

Chilankhulo timatsata cha kasitomala. Achinyamata obadwira kuno ambiri amalemba Chishona, timayankha Chishona, akunja amasakaniza ndi Chingerezi, akuluakulu amafuna voisi ya Chichewa ndipo ena ndikuona kuti amaoda tiyi kuti apeze chifukwa chochezera. Azakhali sadandaula nazo, koma zimadya nthawi, ndiye voisi zazitali amayankha madzulo.

Zithunzi za zitenje tikujambula panja m'mawa, popanda filta, chifukwa mayi wina anabweza chitenje akuti pa foni chinali chofiirira koma chabwera cha olenji. Tikuikanso kavidiyo kakafupi kotambasula nsalu, kakafupi ndithu, anthu amaopa kutsegula vidiyo yaitali.

Juni

Kwabwera akathyali. Mnyamata wina anaoda zitenje zingapo, anatumiza sikirinishoti yoonetsa kuti walipira, akufulumizitsa kuti wa njinga yamoto ali panjira kudzatenga. Pa foni yathu palibe meseji yalowa, balansi ili pomwepo. Azakhali anangomuuza kuti ndalama ikafika kuno katundu anyamuka, sanalembenso. Lamulo pano ndi limenelo kwa aliyense, olo akhale wa kutchalitchi, sikirinishoti si ndalama, timaona kaye balansi.

Wina anayesa ija ya kodi, kulemba kuti pepani ndatumiza manambala 6 kwa inu molakwitsa nditumizireni. Imeneyo ndi kodi yolowera mu WhatsApp yanu, mukapereka akaunti yapita, ndipo amayamba kupempha ndalama kwa anthu onse m'dzina lanu. Kwa ife zikanakhala zoopsa kuposa kuba katundu, chifukwa anthu onse aja tinavutikira kuti atiseve akanalandira uthenga wochoka pa nambala yomwe amaikhulupirira. Ndayatsa two-step verification, yoti wofuna kulowa mu akaunti pa foni ina afunsidwenso PIN, PIN yake tikuidziwa awiri, ndipo azakhali anaika voisi pa Status kuchenjeza makasitomala kuti ife sitidzakupemphani kodi kapena ngongole pa foni. Status imeneyo inaonedwa kuposa zonse za katundu, ena mpaka kuitumiza kwa abale awo.

Zomwe zatsala. Ine ndikuyamba ntchito ina m'tauni mwezi wamawa, masana foni izikhala ndi azakhali okha, ndiye madzulo aliwonse tikuphunzira kuika Status, kusintha mtengo mu katalogu ndi kuika label, kuika Status akutha kale, katalogu ikuwavutabe chifukwa zilembo n'zazing'ono, ndawakulitsira koma magalasi akufunika. Dilivale ya ku Chitungwiza sitinaipezere njira, kombi ziwiri kupita ziwiri kubwera phindu lonse lathera panjira, tikuganiza zosonkhanitsa maoda a kumeneko tizipita Loweruka lokha, ndifunsa anthu ake kaye mmodzimmodzi ngati angadikire. Anthu ayamba kale kufunsa za mpunga watsopano wa ku Karonga, komanso zitenje za pa 6 Julayi, mndandanda wa ofuna ndautsegula ndipo dipoziti sititenga mpaka titamva kuti katundu wakwera basi. Achimwene, power bank ija yayamba kufufuma, mukamatumiza katundu wina muikemo ina.